Njinga pa Ulendo Wautali: Zipangizo Zonyamula ndi Kakonzedwe Kake M'njira

Njinga yapaulendo wautali imawonongeka mosiyana ndi njinga yopitira kumsika. Yakumsika imayenda makilomita ochepa n'kubwerera kunyumba, komwe kuli pampu ndi mnansi wodziwa kumata chubu. Yapaulendo imatha masabata kapena miyezi ili pamsewu, itasenza mwiniwake ndi katundu wake yense, m'dzuwa, m'fumbi ndi m'matope, ndipo ikamafa siyang'ana kuti pano ndi pamsika kapena pakati pa nkhalango. Aliyense wokonzekera ulendo wotere amafika pa funso lovuta: anyamule ziti, asiye ziti? Zitsulo n'zolemera. Kilogalamu iliyonse yolowa m'chikwama imakwezedwa ndi miyendo pa chitunda chilichonse, komanso imapsinja wilo lakumbuyo, lomwe ndi limene limayamba kuthyoka masipoko.

Palibe mndandanda umodzi wokomera aliyense. Chipangizo chilichonse chimayesedwa pa mfundo zitatu: kaya chimawonongeka kawirikawiri, kaya njinga ingayendebe chitawonongeka, ndiponso kaya chimapezeka m'misika ya dera limene munthu akudutsa. Mfundo yachitatuyi ndiyo yaikulu, ndipo ndi imene ambiri amaiphonya. Chubu chimabooka pafupipafupi, koma m'misewu ikuluikulu ya m'Malawi, Zambia ndi Tanzania zigamba zimagulitsidwa pafupifupi pamsika uliwonse. Kachitsulo kamene kamalumikiza chosinthira magiya ku felemu sikathyoka kawirikawiri, koma kakathyokera kumudzi, kofanana nako sikapezeka ngakhale munthu atazungulira misika khumi, chifukwa mafelemu osiyanasiyana ali ndi tizitsulo tawotawo. N'chifukwa chake wapaulendo wodziwa amanyamula machubu awiri okha, koma kachitsulo kaja, kolemera magalamu ochepa chabe, sakasiya.

Maulendo amenewa ali mitundu iwiri. Wina umakhala ndi galimoto zothandiza. Chitsanzo chodziwika kuno ndi Tour d'Afrique, ulendo wochokera ku Cairo kukafika ku Cape Town, umene unayamba mu 2003. Kwa zaka zambiri unali mtunda wa makilomita pafupifupi 12,000, woyenda miyezi inayi, ndipo njira yake yakhala ikudutsa m'Malawi: kulowera pa Songwe, kutsata nyanja kudzera ku Karonga ndi Chitimba, kukwera ku Mzuzu, kufika ku Lilongwe, n'kutulukira ku Mchinji kulowa m'Zambia. Opalasa pa ulendowu amatsatidwa ndi malole onyamula katundu, chakudya ndi makaniko, komabe aliyense amabwera ndi zipangizo zapadera za njinga yake, poti makaniko sangasunge za mtundu uliwonse. Mtundu wachiwiri ndi wa munthu wodzidalira yekha, amene hema, mphika ndi masipanala zonse zili pa njinga pomwepo. M'gulu limeneli muli alendo ochokera kutali, mulinso anthu akuno amene sautcha ulendo wawo dzina lililonse: ogulitsa nsomba ochokera kunyanja, onyamula matumba a chimanga, ogulitsa makala olawirira usiku kupita m'tauni. Iwowa ananena kale zofunika kwambiri mwa zimene amamangirira pa njinga zawo: pampu, sipanala, zigamba, solushoni ndi mphira zodula ku chubu chakale.

Kukonza kumayamba pogula njinga

Mavuto ambiri a m'njira amabadwa tsiku losankha njinga, makamaka pa kukula kwa mawilo. M'mbali mwa tayala lililonse mumalembedwa manambala. Ambiri amawerenga a mainchesi okha, monga 26 kapena 28, koma odalirika ndi aja olembedwa chonchi: 47-559 kapena 37-622. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kukula kwa limu pamene tayala limakhalapo. Nambala 559 ndi ya matayala a mainchesi 26, a njinga zamagiya zimene zadzaza m'misika ya kum'mwera kwa Africa kuno. Nambala 635 ndi ya njinga zakuda zija, zamtundu wa Hero, Avon, Phoenix ndi Humber yakale, zomwe pa tayala pake pamalembedwa 28 x 1½. Nambala 622 ndi ya njinga zambiri zapaulendo zopangidwa ku Ulaya.

Apa pali msampha. Ku Ulaya tayala la 622 amalitchanso la mainchesi 28. Mlendo akafika pa sitolo ya m'tauni yaing'ono n'kupempha tayala la 28, amapatsidwa la 635, lomwe ndi lalikulu ndi mamilimita 13, ndipo silingakhale pa limu yake ngakhale atalikakamiza bwanji. Wogulitsa sanamunamize, mayina ndiwo afanana. Choncho amene wilo lake ndi la 559 kapena 635 akhoza kuyenda wopanda tayala lapadera m'madera ambiri a kuno, pamene wa 622 kapena wa 584, omwe amatchedwa 27.5, ayenera kunyamula limodzi. Alipo matayala opindika, amene m'mphepete mwake muli ulusi wolimba m'malo mwa waya, ndipo amalowa m'chikwama bwinobwino.

Mavalavu nawo ali mitundu itatu. Schrader ndi yofanana ndi ya galimoto, ndipo imapopedwa ngakhale pamalo omwetsera mafuta. Dunlop ndi ya njinga zakuda, imene yakale yake imakhala ndi kamphira m'kati. Presta ndi yowonda, ndipo bowo lake pa limu n'laling'ono moti chubu cha Schrader kapena cha Dunlop sichilowa. Apaulendo ambiri amakulitsiratu bowolo asananyamuke, ngati limu ili yotakata mokwanira, kuti azitha kugwiritsa ntchito chubu chilichonse chimene apeza. Pampu iyenera kukhala yogwira mavalavu onse amene angakumane nawo. Ndi chida chimodzi chimene sichiyenera kugulidwa motchipa, chifukwa zigamba zonse zilibe ntchito ngati pampu yafa.

Chubu ndi tayala

Kubooka kwa chubu ndiko vuto loyamba pa ulendo uliwonse. M'misewu yafumbi mumakhala minga ya mthethe. M'mphepete mwa misewu yatala, monga M1, mumakhala magalasi osweka ndi tiwaya tating'ono totuluka m'matayala ophulika a malole. Tiwayati n'tovuta kwambiri, chifukwa timabisala m'tayala n'kumabaya chubu pang'onopang'ono, tayala n'kumaphwa m'mawa uliwonse.

Kumata chubu aliyense amati amadziwa, koma zigamba zambiri zimamatuka chifukwa cha changu. Bowo limapezeka pomiza chubu chopopa m'madzi, kapena, madzi akasowa, pochiyendetsa pafupi ndi milomo kuti mpweya umveke. Malo ozungulira bowolo amakhulidwa ndi sandipepa mpaka kunyezimira kwa mphira kutachoka, kudutsa pang'ono kukula kwa chigamba. Solushoni amapakidwa wochepa, wosalala, kenako amasiyidwa kwa mphindi ngati zisanu mpaka atauma. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: solushoni si guluu wamba wogwira ali wonyowa, ndipo chigamba choikidwa asanaume chimasendemuka tayala likatentha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwo ndi oona ndithu. Akauma, chigamba chimadindidwa mwamphamvu kuyambira pakati kupita m'mbali. Solushoni akatsegulidwa amauma msanga m'chikwama nthawi yotentha, choncho ndi bwino kunyamula timachubu tiwiri tating'ono kusiyana ndi kamodzi kakakulu.

Chubu chisanabwezeretsedwe, m'kati mwa tayala monse mumayenera kupapasidwa mosamala kuti chimene chinabaya chituluke. Bowo lenilenilo limafotokoza chimene chachitika. Likakhala kunja kwa chubu, ndi munga kapena waya. Likakhala m'kati, kumbali yoyang'ana limu, ndiye kuti lamba wophimba mitu ya masipoko wasuntha kapena wang'ambika, ndipo kumata kokha sikuthetsa vutolo. Timabowo tiwiri toyandikana timasonyeza kuti mpweya unali wochepa, limu inatsina chubu pogunda dzenje. Chubu chong'ambika pa tsinde la valavu sichimatika. Chimenecho n'chodula mphira zomangira katundu. Machubu awiri apadera amathandiza kuti munthu asamate padzuwa m'mbali mwa msewu: amangosintha, n'kukamata madzulo pogona.

Tayala likang'ambika m'mbali, chubu chimatulukira pomwepo n'kuphulika. Mankhwala ake ndi kuika chinthu cholimba m'kati, pakati pa tayala ndi chubu: chidutswa cha tayala lakale chodulidwa waya wa m'mphepete, nsalu ya thumba yopinda kangapo, ngakhale ndalama yapepala. Ong'ambika kwambiri amasokedwa ndi ulusi wolimba. Zonsezi ndi zongofikitsa munthu pa sitolo. Pakasowa chilichonse, anthu akumudzi amamanga malo obooka a chubu ndi mphira, kapena kuphatika udzu m'tayala. Njinga imayenda ndithu, koma mwapang'onopang'ono, ndipo katundu akakhala wolemera limu imapindika.

Tayala lakumbuyo limatha msanga kuposa lakutsogolo chifukwa ndilo limasenza zambiri. Ena amasinthanitsa kuti lakutha lipite kutsogolo. Kumeneko n'kulakwa koopsa, chifukwa tayala lakutsogolo likaphulika pa mtsetse munthu amagwa nthawi yomweyo. Latsopano limaikidwa kutsogolo, lakutsogolo n'kupita kumbuyo. Matayala opanda chubu, okhala ndi mankhwala otseka mabowo m'kati, amalimbana bwino ndi minga, koma mankhwalawo amauma pakapita miyezi, ndipo sapezeka m'misika yaing'ono. Mwini wake amanyamulabe chubu.

Masipoko

Kulira kwa sipoko ikamathyoka, kuti thwa, ndi phokoso limene wapaulendo aliyense amaliopa. Wilo limalimba chifukwa masipoko onse amakoka limu mofanana. Imodzi ikaduka, limu imakhotera mbali inayo n'kuyamba kukhula buleki, ndipo anzake oyandikana nayo amasenza mtolo woposa wawo. Mawilo apaulendo amamangidwa ndi masipoko 36 pofuna kuti imodzi ikapita, wilo lisasokonekere kwambiri. Nthawi zambiri sipoko imathyokera pa chigongono chake, pamene imalowa mu habu, chitsulo chitatopa ndi kupindikapindika.

Vuto lalikulu lili kumanja kwa wilo lakumbuyo, kumene kuli magiya. Masipoko a mbali imeneyo ndi okungika kwambiri, ndipo kuti yatsopano ilowe pamafunika kuchotsa mpukutu wonse wa magiya. Mipukutuyi ili mitundu iwiri: wina umapotedwa pa habu ngati nati, wina umalowetsedwa m'mizere n'kutsekedwa ndi mphete. Uliwonse uli ndi chida chake chomasulira, ndipo chida cha wina sichigwira pa mnzake. Chidachi n'chaching'ono, choncho chiyenera kukhala m'chikwama. Sipanala yaikulu yochizunguzira ikhoza kubwerekedwa pa galaja iliyonse. Mtundu wa mphete umafunanso chogwirira magiya kuti asazungulire, ndipo chidutswa cha tcheni chakale chimatha kugwira ntchitoyo.

Pa njinga imodzi pakhoza kukhala masipoko a utali utatu: akutsogolo, akumbuyo kumanzere ndi akumbuyo kumanja. Kusiyana kwake ndi mamilimita awiri kapena atatu, koma n'kokwanira kuti yaifupi isagwire, yaitali ibaye chubu. Amayezedwa kunyumba, n'kunyamulidwa angapo a utali uliwonse pamodzi ndi timanati take, atamangiriridwa ku felemu kuti asapindike. Masipoko onenepa amene anyamata a kabaza amakonda ndi olimba ndithu, koma kawirikawiri salowa m'mabowo a habu ya njinga zapaulendo.

Kuwongola wilo si matsenga. Njinga imatembenuzidwa, wilo n'kuzunguliridwa pang'onopang'ono, maso ali pa mpata wa pakati pa limu ndi mphira ya buleki. Pamene limu yakhotera kumanja, amakungidwa masipoko ochokera kumanzere kwa habu, n'kumasulako pang'ono a kumanja, ndipo kupota kulikonse kusapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo. Wopota kwambiri amachotsa kukhota kumodzi n'kubala kuwiri. Ngati palibe nthawi, sipoko yothyokayo imakulungidwa pa inzake kuti isakole tcheni, buleki n'kumasulidwa pang'ono, katundu wina n'kusamutsidwira kutsogolo mpaka pa tauni. Masipoko akayamba kuthyoka motsatizana m'masiku ochepa, ndiye kuti onse atopa, ndipo wilo liyenera kumangidwanso lonse. Pa ntchito imeneyi okonza njinga a kuno ndi akatswiri enieni, popeza tsiku ndi tsiku amawongola mawilo a kabaza onyamula anthu ndi matumba.

Tcheni ndi magiya

Matcheni onse a njinga ali ndi mpata umodzi pakati pa mapini ake, theka la inchesi, omwe ndi mamilimita 12.7. Chosiyana ndi kutakata. Cha njinga yopanda magiya n'chotakata. Cha magiya 6, 7 ndi 8 akumbuyo n'chimodzi. Kuyambira 9 mpaka 12 chimanka chiwonda, ndipo chilichonse chimafuna chake. M'misika yaing'ono mumapezeka mitundu iwiri yoyambayo. Apanso njinga yooneka yachikale ili ndi mwayi woposa yamakono.

Tcheni chimatalika chikamatha. Pa chatsopano, kuchokera pa pini imodzi kuwerenga mapini 24 kutsogolo ndi mainchesi 12 ndendende. Mtundawu ukawonjezeka ndi milimita imodzi ndi theka, nthawi yosintha yakwana. Ukafika mamilimita atatu, mano a magiya amakhala atadyeka kale, ndipo tcheni chatsopano chimangolumpha pa iwo. Wosintha tcheni m'nthawi yake amapulumutsa magiya, omwe ndi odula komanso osowa. Kunyamula tcheni chathunthu si kofunika pa ulendo wa masabata ochepa. Chofunika ndi chida chotulutsira mapini, tizilumikizo tiwiri tomangika ndi manja, ndi kachidutswa ka tcheni komweko. Mafuta amadonthezedwa pang'ono, kenako tcheni chimapukutidwa kunja ndi kansalu, chifukwa mafuta ochuluka amakoka fumbi ndi mchenga zimene zimadya chitsulo. Oyilo wa injini watsopano amathandiza pakasowa wa njinga. Wakuda wotsala mu injini ali ndi tizitsulo m'kati, ndipo mafuta ophikira amauma n'kumata.

Chosinthira magiya chakumbuyo chimalendewera pansi, moti njinga ikagwera kumanja kapena kamtengo kakalowa m'wilo, chimapindika kapena kuthyoka. Chikatheratu, ulendo sunathe: tcheni chimachotsedwamo, n'kufupikitsidwa kuti chikwane pa giya imodzi yapakati, njinga n'kuyenda ngati yopanda magiya. Dervla Murphy, mayi wa ku Ireland amene anapalasa kuchoka kwawo mpaka ku India mu 1963, anachotseratu magiya pa njinga yake asananyamuke, poona kuti ndiwo akanamuvutitsa m'njira. Ena amasankha habu ya ku Germany ya Rohloff, yokhala ndi magiya 14 otsekeredwa m'kati, imene imangofuna kusintha mafuta pa makilomita 5,000 alionse. Sifa wamba, koma ikafa palibe wa pansi pa mtengo amene angaitsegule.

Mabuleki ndi mabawuti

Wotsika phiri la Chiweta, kapena msewu wa Gorodi wochokera ku Livingstonia ndi makona ake 20, kapena mtsetse wa Thabwa wopita ku Chikwawa, amadziwa kuti mabuleki si chinthu chochitira mwayi. Njinga yolemera imadya mphira za buleki msanga, makamaka m'dzinja pamene madzi ndi mchenga zimakwera pa limu. Mphira zapadera ziyenera kukhalapo, pamodzi ndi waya umodzi wa buleki ndi umodzi wa magiya. Amanyamulidwa aatali, a kumbuyo, chifukwa akhoza kudulidwa kuti akwane kutsogolo. Mitu yake imasiyana, choncho wa buleki salowa m'malo mwa wa magiya. Pa mtsetse wautali limu imatentha mpaka kufewetsa zigamba kapena kuphulitsa chubu. Wanzeru amagwira buleki mwamphamvu kwa kanthawi n'kusiya, mosinthanitsa yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo amaima kuti limu izizire. Malimu achitsulo a njinga zakuda sagwira buleki bwino akanyowa, ndipo pamenepo kutsika n'kukankha si manyazi.

Mabuleki a chimbale amagwira bwino pamvula, koma tizidutswa take togwira chimbalecho tili ndi maonekedwe ambirimbiri, moti n'tonyamuliratu. Oyendera mafuta ali ndi vuto lina: ena, monga a Shimano, amafuna mafuta awoawo, ena amafuna ofanana ndi a buleki ya galimoto, ndipo kusakaniza kumawononga timphira ta m'kati. Oyendera waya ndi osavuta kukonza kumudzi.

Chinthu chimene chimasowetsa mtendere apaulendo ambiri si chachikulu konse: ndi bawuti la kaliyala. Kugwedezeka kwa misewu yafumbi kumamasula mabawuti pang'onopang'ono, limodzi likagwa linzake limasenza lokha mpaka kuduka, katundu n'kugwera pa wilo. Ambiri mwa mabawutiwa ndi a mamilimita 5, ndipo angapo apadera, ndi manati ndi mawashala ake, amakwana m'kabotolo ka mankhwala. Pambali pake pamakhala waya wofewa, tepi yolimba, tizingwe tapulasitiki tomangira, ndi mphira za chubu chakale, zimene zimamanga pafupifupi chilichonse.

Zida zomangira zimasankhidwa poyang'ana njinga yeniyeniyo, bawuti ndi bawuti. Yamakono imafuna ma Allen key, makamaka a 4, 5 ndi 6. Yachikale imafuna masipanala, ndipo ya 15 ndiyo ya mapedulo ndi manati a mawilo. Pulayala yaing'ono, sikuludiraiva ndi zotulutsira tayala zimamaliza gululo. Pedulo ya kumanzere imamasuka mobwerera, kutsata kayendedwe ka mivi ya wotchi, ndipo osadziwa ambiri aononga mazinga poikakamiza. Wa njinga yakuda amaonjezapo kotapini mmodzi kapena awiri. Mahabu otseguka, okhala ndi timipira tachitsulo, amangofuna girisi ndi timipira tatsopano timene timapezeka kulikonse. Otsekedwa ku fakitale amakhalitsa, koma akatha amafuna ofanana nawo ndendende.

Felemu ikathyoka

Nkhani yotchuka ya kukonza njinga m'njira inachitika pa mpikisano wa Tour de France mu 1913. Eugène Christophe akutsika phiri la Tourmalet foloko ya njinga yake inathyoka. Malamulo a nthawi imeneyo ankaletsa kulandira thandizo lililonse. Iye anasenza njinga n'kuyenda wapansi makilomita osachepera 10 mpaka pa mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, analowa m'chipala cha wosula zitsulo, n'kulumikiza yekha folokoyo oyang'anira mpikisano akuonerera. Anataya maola angapo, ndipo anamulanganso mphindi 10 chifukwa kamnyamata kena kanamupopera mvukuto. Anapitiriza ndithu, n'kumaliza mpikisano wonse ali pa nambala 7.

Chinamupulumutsa n'chakuti njinga yake inali yachitsulo, ndipo mpaka lero chifukwa chomwechi chimachititsa apaulendo ambiri kusankha felemu yachitsulo ngakhale ili yolemerako. Owotcherera zitsulo ali paliponse pamene pali magetsi kapena gasi. Felemu ya aluminiyamu imafuna makina apadera, ndipo ikawotchereredwa imafooka pamalopo. Ya kaboni singawotchereredwe n'komwe. Komabe pali chenjezo. Mapaipi a njinga zabwino zapaulendo ndi opyapyala, osakwana milimita imodzi, ndipo makina owotcherera mafelemu a zitseko akhoza kungowabowola. Ndi bwino kufunafuna mmisiri wa gasi wolumikiza ndi mkuwa, kupala penti pamalopo, ndi kuchotsa mawaya ndi mapulasitiki onse apafupi moto usanayatsidwe. Njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief lomwe linakhazikitsidwa mu 2005, zinapangidwa ndi maganizo otere: felemu yachitsulo chokhuthala, zipangizo zochepa, ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100. Zimapezeka m'Malawi ndi m'Zambia, ndipo bungweli limaphunzitsanso okonza ake m'midzi.

Okonza njinga a pansi pa mitengo ndi pa makhonde a masitolo ndi chuma chachikulu cha wapaulendo, ndipo ayenera kupatsidwa ulemu wawo. Luso lawo pa mawilo, machubu, mahabu ndi makotapini silikayikitsa. Zida zawo, komabe, ndi za njinga zachitsulo: hamala, tchizulo ndi masipanala aakulu. Zipangizo za aluminiyamu sizipirira hamala, ndipo mazinga ake amadyeka akamangidwa mopitirira. Mwini njinga amakhala pomwepo, kubwereketsa zida zake, kufotokoza mwaulemu mmene chinthu chachilendocho chimamasukira, ndi kugwirizana mtengo ntchito isanayambe. Kunenerera mpaka kumufinya munthu amene wapulumutsa ulendo wonse si khalidwe labwino.

Zimene sizinganyamulidwe kapena kugulidwa m'njira zimatumizidwa. Murphy uja anatumiziratu matayala apadera ku maofesi a akazembe a dziko la Britain a m'mayiko amene ankadutsa. Masiku ano katundu amatumizidwa pa makampani onyamula mapaselo, koma amafikira m'mizinda ikuluikulu, amalipiridwa msonkho, ndipo akhoza kudikiritsa munthu masiku ambiri. Choncho ntchito zikuluzikulu, monga kusintha tcheni, matayala ndi mawaya, zimakonzedwa kuti zichitikire ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka, chinthu chisanafe chokha.

Mavuto ambiri amaoneka asanakule. M'mawa uliwonse matayala amafinyidwa ndi kuyang'anidwa ngati muli minga, mabuleki amagwidwa, mawilo amazunguliridwa kuti aoneke ngati akhota, ndipo njinga imanyamulidwa pang'ono n'kugwetsedwa kuti chomasuka chilire. Masiku angapo alionse mabawuti onse amayesedwa ndi sipanala. Phokoso lachilendo lililonse limafufuzidwa tsiku lomwelo. Ndipo ntchito zonse zatchulidwazi, kumata, kudula tcheni, kuchotsa magiya, kusintha sipoko ndi waya, ziyenera kuyesedwa kunyumba ndi zida zomwezo zimene zikupita pa ulendo, chifukwa pamenepo m'pamene zimadziwika kuti sipanala ina sikwana, kapena nati ina inamangidwa moti dzanja silingaimasule.

Zilipo zowonongeka zimene siziyenera kupalasidwa ngakhale pang'ono. Mng'alu pa foloko, pa mahandulo kapena pa chitsulo chowagwira umatha kuduka mwadzidzidzi, munthu n'kugwa chamutu. Limu imene m'mbali mwake mwakumbika ndi buleki mpaka kuyamba kufufuma kapena kung'aluka ili pafupi kuphulika. Njinga yotsala ndi buleki imodzi siyenera kutsika phiri ili ndi katundu. Zikatero, waya ndi mphira sizithandiza. Njinga imakankhidwa mpaka pamsewu, n'kukwezedwa pa lole, pa matola kapena pa minibasi kupita ku tauni yapafupi kumene kuli mmisiri ndi zipangizo.